Lachisanu la Benilde

1. Makina a mayi Otília

M'mudzi wonse wa Kamwala munali makina osokera amodzi okha, ndipo mwini wake anali mayi Otília. Anali makina akale opalasa ndi phazi, akuda bii, okhala ndi maluwa agolide amene anali atayamba kufufutika. Madiresi a ukwati, zovala za ana a sukulu, zigamba za mathalauza a anyamata okumba golide, zonsezi zinkadutsa pansi pa singano imodzi yomweyo.

Benilde ankawakonda makinawo ngati munthu wamoyo. Mayi Otília anali akulu awo a malemu mayi ake, ndipo ndiwo anamulandira atabwera kuchokera ku Zambia zaka zinayi zapitazo. Iye anakulira ku Petauke kwa amalume ake, sukulu n'kuphunzira m'Chingerezi. Chipwitikizi anachipeza ali wamkulu kale, ndipo chinkamukola pakhosi ngati munga.

Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, komanso ana awiri. Lina anali ndi zaka ziwiri. Olga anali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Lolemba la sabata yoyamba ya Dezembro, mayi Otília anayesa katatu kulowetsa ulusi pa singano, katatu konse anaphonya. Anapereka ulusiwo kwa Benilde, kenako anachotsa phazi pa chopalasira.

"Khala pansi, mwanawe. Maso angawa achita nkhungu. Mvula ikangosiya, makinawa ndikupatsa iwe."

Benilde anafuna kulumpha, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Usayambe kuvina. Imva kaye. Makina awa anandipatsa ndili ndi zaka ngati zakozi. Ndinali ndi dzanja, ine. Akazi ankachokera ku Chipera ndi nsalu zawo pamutu kudzandifuna. Kenako mimba. Mwana asanayende, ina. Ameneyo asanamere mano, ina. Ndabereka kasanu ndi kanayi, ndipo atatu ali kumanda uko, unawaona wekha timitumbira tawo. Zaka khumi ndi chimodzi makinawa anagona pansi pa chiguduli, nkhuku zikuikira mazira pamwamba pake. Ukakhala pansi kuti usoke, wina walira, wina wagwera pamoto, wina thupi latentha. Amene ankabweretsa nsalu anatopa nane. Pamene ndinadzavundukula chiguduli chija, msana unali utatha kale. Nthawi yathu kunalibe jekeseni, kunalibe piritsi, kunali nkhondo basi. Iwe uli nazo pafupi."

Kenako analoza mwana amene anali kumsana kwa Benilde.

"Tsiku lobadwa uyu waliiwala? Ine sindinaliiwale. Tinakunyamula pamachira a nsungwi, magazi akudontha njira yonse, milomo yako itayera ngati phulusa. Anamwino anati chiyani? Anati thupi ili lipume zaka zitatu, apo ayi mimba yotsatira idzakutenga. Ndiye ukaphonya singano ya anamwino, iyi ya makina uiwale. Mwinanso tidzakuiwala ndiwe amene. Tsiku lake ndi liti?"

"Lachisanu, amayi."

"Wafunsa munthu wodziwa Chipwitikizi?"

"Nambala ndimawerenga ndekha. Masamu ndinkakhala woyamba."

"Ine kuwerenga sindidziwa, koma kufunsa ndimadziwa. Ndipo mwamuna wako umuuze ndi pakamwa pako. Nkhani imeneyi akaitola pansi yekha, idzaoneka ngati yakuba."

Benilde anaweramira pa makina. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuulowetsa pa singano kamodzi kokha.

2. Nambala ya pa karitau

Jekeseni yoyamba ya kulera Benilde anabayitsa mu Setembro. Mayi Otília ndiwo anamuperekeza mwakachetechete kusukulu ina ya mbali ya Chiputo, ulendo wa maola atatu pansi. Kumeneko n'kumene birigada inkaima, galimoto ya achipatala yoyenda m'midzi, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse.

Namwino wake anali mayi Stélia, munthu wa manja ofulumira. Mzere unali wautali, Olga akulira mokuwa. Namwinoyo ananena m'Chinyanja kuti, "Mubwerenso sabata yoyamba ya Dezembro." Dzina la tsiku analitchula m'Chipwitikizi, mwamsangamsanga, akulemba pa karitau, kakhadi kachikasu ka kuchipatala. Benilde sanalimve dzinalo. Anangovomera kuti, "Sim," poopa kuti amayi a pamzere angamuseke.

Atafika kunyumba anakawerenga kuseri kwa nkhokwe. Panalembedwa: *Dez., 1ª semana, 5ª feira.*

Zinaoneka zosavuta. Wani, sabata yoyamba, monga ananenera anamwino. Ankadziwanso kuti mayina a masiku m'Chipwitikizi amathera ndi *feira*. Anawerenga pa zala: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Faifi ndi Lachisanu. Mawu amasintha ukadutsa malire, koma nambala nayonso ingasinthe?

Kakhadiko anakamanga pa mfundo ya kapulana yake, chitenje chimene ankavala, ndipo kanakhala pomwepo miyezi itatu.

Mwamuna wake, Ilídio, sankadziwa kanthu. Sikuti anali munthu wankhanza, ayi. Anali mnyamata woseka ndi maso, wa mapewa otambalala, amene anamufunsira pachigayo pomupatsa kamwala konyezimira n'kunena kuti, "Aka si golide, usanamizike. Golide ndi amene wakagwirayu." Akabwera kuchokera kumigodi ya kufupi ndi Fíngoè, ankaimba mluzu akadali kutsidya kwa dambo, ndipo mtima wa Benilde unkathamanga kukamuchingamira miyendo isanadzuke. Koma tsiku lina Benilde anamumva akucheza ndi anzake pansi pa mtengo wa mango.

"Mkazi wobayitsa jekeseni, mwamuna wake ali kudzenje milungu itatu, akutchinga mimba ya ndani?" anatero Ilídio, ndipo onse anaseka.

Kuyambira tsiku limenelo mfundo ya kapulana inamangidwa kawiri.

Lachiwiri masana kunabwera Flávia, mlongo wake wa Ilídio, ndi diresi yoti aichepetse m'chiuno. Flávia anamaliza kalasi ya desima, yachikhumi, ku Fíngoè, ndipo Chipwitikizi chinkatuluka m'kamwa mwake ngati madzi a pa mpope.

"Odi kuno kwa a Zambia!" anakuwa akadali panjira. "Alamu, *boa tarde*. Yankhani timve."

"Lowani, musatiboole makutu."

"Zaka zinayi, alamu! Ngakhale mbuzi za kuno zayamba kulira m'Chipwitikizi."

Benilde anaseka nawo. Anagwada n'kuyamba kumuyeza m'chiuno, mapini ali pakamwa. Mfundo ija inkamugunda pantchafu. Mawu a mayi Otília anali asanachoke m'makutu. Anachotsa mapini pakamwa.

"Alamu, kodi m'Chipwitikizi…"

"Ehe! Mukufuna kulembera achimwene kalata yachikondi? Nenani, ndikuthandizani. Koma dikirani, mwamva za Bibiana wa kutsidya? Mwamuna wake wapeza mapiritsi olera m'thumba la ufa. Sanamumenye, sanakuwe. Wangopinda bulangete lake n'kubwerera kwawo. Ana atatu, alamu! Amayi akuti mkazi wobisa mapiritsi amabisanso zina. Mumati mufunse chiyani?"

Benilde anayang'ana pakamwa pa mlamu wakeyo. Akafunsa za Lachisanu, Flávia adzafuna kudziwa kuti Lachisanu kuli chiyani. Dzuwa lisanalowe apongozi adzakhala atamva.

"Ulusi," anatero. "Ulusi mumati chiyani?"

"Linya! Zokhazo? Nenani: li-nya."

"Linya."

"Mwakhoza. Chaka chamawa tidzaphunzira singano."

3. Kulira kwa galimoto

Lachinayi kunacha ndi mitambo yolemera. Aliyense anali kumunda, chifukwa mvula yoyamba inali itafewetsa nthaka. Benilde ankabzala mtedza kumunda wa kuphiri, kutali ndi njira yaikulu, Olga atagona pamthunzi.

Dzuwa litakwera anamva galimoto ikulira chapatali, ikulimbana ndi chitunda. Anaweramuka n'kutchera khutu.

"Ogula golide awo," anatero yekha, ndipo anapitiriza kuponya mtedza m'maenje.

Ankaimba. Ankaganizira diresi yoyamba imene adzasoke makinawo akadzakhala ake: yobiriwira, ya manja otukuka, ya Lina. Chakumadzulo galimoto ija inaliranso ikubwerera, mpaka phokoso lake linazimirira kuseri kwa mapiri.

4. Mapazi a matayala

Lachisanu ananyamuka kutangocha. Lina anamusiya ndi mayi Otília, Olga anamubereka. Kwa anthu amene anakumana nawo panjira ankati akupita kukafuna mbewu ya nyemba.

Mtsinje anauwoloka madzi akufika m'mawondo. Anali ofiira, odzaza zinyalala za kumtunda. Anayenda mofulumira, thukuta likutsikira m'maso, mpaka anaona denga la malata la sukulu ija.

Pabwalo panalibe munthu.

Panalibe mzere wa amayi, panalibe sikelo yopachika pamtengo. Pansi pa mtengo wa mthethe panali mapazi a matayala awiri, akuya, atakhota n'kulowera njira ya ku Fíngoè. Pambali pake panali kathonje kamodzi kodetsedwa ndi matope.

Benilde anakhala pa muzu n'kudikira. Mwina achedwa, msewu ndi woipa. Anayamwitsa mwana. Anadikiranso.

Chitseko cha kalasi chinatseguka, ndipo munatuluka bambo wachikulire wa imvi, atanyamula mapepala a mayeso. Anali aphunzitsi Ambrósio.

"Mayi, mukudikira ndani?"

"Birigada, aphunzitsi."

"Birigada? Inabwera dzulo."

"Ayi, ndi lero. Analemba okha."

Benilde anamasula mfundo ija. Aka kanali koyamba kuonetsa munthu kakhadi kaja. Aphunzitsi anakatalikitsa ndi maso awo, n'kuwerenga.

"Kinta-fera. Lachinayi."

"Koma apo pali faifi!"

Aphunzitsi anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka. Anaika mapepala pansi n'kukhala pa muzu wina.

"Sukulu munaphunzira kuti, mwanangu?"

"Ku Zambia."

"Ndamva. Taonani zala zangazi. Ife timayamba kuwerenga pa Lolemba, tsiku loyamba ntchito. Apwitikizi amayambira pa Lamulungu, Domingo. Ndiye Lolemba lathu kwa iwo ndi tsiku lachiwiri, segunda. Lachiwiri lathu ndi lachitatu lawo. Amakhala patsogolo pathu ndi tsiku limodzi sabata yonse. Faifi wawo ndi Lachinayi lathu. Dzina lanu ndani?"

"Benilde. Benilde Lourenço."

Aphunzitsi anagwira pakamwa.

"Ndinu amene? Anamwino anakuitanani dzulo katatu. Atamaliza onse anauza dalaivala kuti adikire, akuti pali mtsikana wina amene anatsala pang'ono kufa pobereka, ameneyo sangalephere kubwera. Anaima pamsewu apo akuyang'ana kumtsinje. Mitambo itada, dalaivala anati akachedwa agona m'matope."

Benilde anayang'ana pamene ankalozapo. Panali udzu wopondedwa basi.

"Abweranso liti?"

"Mvula ikasiya. Abril, mwina Maio. Galimoto siingadutse kuno mitsinje ikadzaza."

Anawerenga pa zala zomwe zija. Miyezi inayi, mwina isanu.

"Mundimvere, mwanangu," anatero aphunzitsi. "Ndaphunzitsa pano zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ana amene amandidetsa nkhawa si amene amalakwa poyankha. Ndi amene amagwedeza mutu kuti amva pamene sanamve. Inu si oyamba. Wina anamwetsa mwana mankhwala a masiku asanu tsiku limodzi, chifukwa anachita manyazi kunena kuti pepala sakulimva. Tinamuika mwanayo kuseri kwa tchalitchi uko. Chipwitikizi si chilankhulo cha amayi anu, si cha amayi anga. Tonse tinachiphunzira pofunsa, ena akutiseka. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo. Izi mwazipezazi sizitha lero. Mukanaima pakhomo la kalasi ili tsiku lina lililonse pa miyezi itatu imeneyi, mwana wa kalasi yachiwiri akanakuuzani."

Misozi inagwera pamutu pa Olga. Aphunzitsi anafewetsa mawu.

"Ine si namwino, koma ndinamva akuuza amayi ena kuti wochedwa asakhale pansi. Mphamvu ya jekeseni siithera tsiku limodzi. Mukafika kuchipatala ku Fíngoè masiku asanachuluke, akubayani. Koma pansi ndi masiku awiri, ndi mwana kumsana simungathe. Pafunika njinga kapena mota, njinga yamoto ija, ndiponso mtsinje usanadzaze. Anasiyanso bokosi la makondomu muofesimu, koma amenewo amafuna anthu awiri ogwirizana. Bambo a kunyumba akudziwa?"

Benilde anapukusa mutu.

"Njinga ali nayo?"

"Ali nayo."

"Ndiye njira yanu yopita ku Fíngoè ikudutsa pa iwowo. Ina palibe."

5. Kapulana ya mbalame

Mvula inamupeza asanafike pamtsinje. Inabwera ndi mphepo, yamadontho akuluakulu opweteka pankhope. Anafunditsa mwana ndi nsalu yakumutu n'kuthamanga. Madzi amene m'mawa anali m'mawondo tsopano anafika m'chiuno, ndipo ankamukoka miyendo. Anawoloka atagwira bango ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana.

Kutsidya anaima n'kupuma. Kakhadi kanali katanyowa. Sanakamangenso pa mfundo, anangokasomeka m'nsalu yoberekera, pachifuwa.

Njira yonse yotsala ankayeseza mawu mokweza, mvula ikumulowa m'kamwa. "Bambo a Lina, pali nkhani. Bambo a Lina, tsiku lija la machira mukulikumbuka?" Ilídio ankayembekezeka Lamulungu. Anali ndi masiku awiri oti akonze mawuwo bwinobwino, ayitane mayi Otília akhale pambali, aphike nkhuku.

Atatulukira pa dambo anamva mluzu.

Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, mtima wake sunathamange kukauchingamira.

Ilídio anali pakhonde la mayi Otília, Lina ali pamwendo pake. Njinga inali itatsamira khoma, matope mpaka pachishalo. Mayi Otília anali kuseri kwa makina, manja ali pamiyendo. Anayang'ana Benilde m'maso, ndipo Benilde anapukusa mutu pang'ono. Mayiwo anatseka maso.

"Beni!" Ilídio anadumphira pamvula. "Wapenga? Nyemba zake ziti zoyendera mvula yotere? Bwera kuno."

"Mwabwera msanga."

"Maenje adzaza madzi. Dzulo khoma linagumuka pamene ndinali nditangochokapo, fosholo yanga ili pansi mpaka pano. Ndati ayi, golide adikire. Mvula yonse ino ndili pano ndi iwe, mpaka Abril." Anaseka ndi maso ake aja. "Taona chimene ndakutengera."

Anatulutsa kapulana yatsopano m'thumba la pulasitiki, yabuluu, ya mbalame zoyera zotambasula mapiko. Inali yokongola kuposa nsalu iliyonse imene Benilde anaigwirapo.

"Vula zonyowazo. Bweretsa mwanayo, azizidwa."

"Dikirani, ndimasula ndekha. Bambo a Lina, pali nkha…"

Koma manja a Ilídio anali atafika kale pa nsalu yoberekera. Anamasula mwachikondi, akumuseka Olga, n'kumulandira ndi dzanja limodzi. Kakhadi kachikasu kanatsetsereka n'kugwera m'matope pakati pa mapazi awo.

Amene anawerama ndi Ilídio.

Anakapukuta pa thalauza. Iye sukulu analekera kalasi yachisanu, koma anaphunzira ya konkuno.

"Kinta-fera," anawerenga mosavuta. "Linali dzulo ili, Beni. Sikelo ya mwana? Ukanandifunsa ine, bwenzi…"

Anatembenuza kakhadiko. Kuseri kunali zilembo zikuluzikulu zosindikiza, ndipo mvula sinazifufute. Milomo yake inayenda pang'onopang'ono. *Planeamento Familiar*, ndiye kuti za kulera. Pansi pake panali dzina la Benilde, ndi mwezi wa Setembro.

Maso aja analeka kuseka.

"Mkamwini," anatero mayi Otília akudzuka, "khalani pansi, ndikufotokozereni ine. Ndinamutenga ndine."

Ilídio sanawayang'ane. Anapereka mwana kwa mayiwo bwinobwino, ngati dzira. Kapulana ya mbalame inali itagwa pakhonde, nsonga yake ikumwa madzi a padenga. Kumbuyo kwa dambo mtsinje unkamveka ukukula.

"Setembro," anatero motsitsa mawu. "Setembro yense ndinali kudzenje, Benilde. Jekeseni imeneyi ndi ya ndani?"